Utsi M'diso la Wamanzere

Ndinabadwa wamanzere kuno ku Montana,
ndipo mfuti anazipangira anthu a dzanja lamanja.
Ndikawombera, mpweya wotentha wa wonga
umapatuka mu mpope, kulowa kachubu kowonda ngati udzu,
kubwerera m'mbuyo kudzakankha chotsekera,
ndipo zotsala zake, mwaye ndi fungo,
zimatulukira pa kazenera kam'mbali
pomwe pali mphuno yanga.
Zaka khumi ndi ziwiri diso likulira
popanda maliro.

Usiku uno m'galaja muli chisanu cholasa mafupa.
Patebulo pagona mfuti yosamaliza,
ziwalo zake ndazindandalika pa thawulo lakale,
pambali pake mapepala awiri a mitengo.

Loyamba likuti madola mazana atatu ndi makumi anayi.
Pisitoni yaifupi, kandodo kachitsulo
kolandirira mpweya kutsogolo komweko,
kumenya kamodzi, kubwerera,
utsi n'kutayikira kutali ndi nkhope.
Pali kopotokola ka malo atatu
kochepetsera mpweya kapena kuuwonjezera.
Lachiwiri n'lotsika ndi madola makumi asanu ndi anayi,
koma dzina la kampani yake ndalimva dzanadzanali,
ndipo sipuling'i ikadzathyoka mu Malichi,
nkhosa zikuswa, msewu utakwiririka ndi chipale,
adzandiyankhe foni ndani?

Orval Tveit anabwera masana kudzabwereka jeke.
Anasuzumira mapepalawo, n'kuseka m'mphuno.
Akuti, ukufuna kuchiza munthu wosadwala.
M'kachubu kako mulibe choyenda, chingathyoke n'chiyani?
Pisitoni imamenya pamwamba, chotsekera n'kupendama,
n'kumadya chitsulo chakumbuyo pang'onopang'ono ngati chiswe.
Ndiye kulemerako, udzakumva m'mkono
ukadzafika kumapeto kwa mpanda wakumpoto.
Orval ndi wamanja.
Sanalawepo mwaye.

Komabe atachoka ndinatenga sipanala,
kuiyeza pa sikelo ya mankhwala a nkhosa,
magalamu mazana awiri, pafupifupi,
kuimangirira ku mpope ndi tepi yakuda,
n'kuloza msomali wapakhoma ndikuwerenga.
Pa makumi anayi mkono unayamba kunjenjemera.
Kale ndinkafika pa makumi asanu ndi limodzi,
koma kale ndinalibenso imvi,
ndiye sindikudziwa wolakwa ndani,
sipanala kapena zaka.

Signe walowa ndi makapu awiri a khofi.
Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi,
ndipo kapu waigwira ndi dzanja lamanzere
monga anagwirira supuni, pensulo, chingwe cha hatchi.
Ndiye anatsuka mfuti yakale Lamlungu,
zikhadabo zake zidakali zakuda m'mphepete.
Sanafunse za mtengo.
Wafunsa, Bambo, mwayeza?
Kuyeza chiyani?
Kuchokera pathupi kufika pa kabowo ka mpweya,
ndiponso ngati chingalowe pansi pa chogwirira chakutsogolo.

Sabata yathunthu ndikulimbana ndi Orval m'mutu,
lula ili lende pamsomali womwe ndimalozawo.

Tayeza kawiri. Iye wawerenga, ine ndalemba.
Chotchipa chija n'chonenepa mopitirira,
pang'ono chabe, ngati kukhuthala kwa ndalama yachitsulo,
koma chitsulo sichimva kupepesa.
Pepala lachiwiri lagwira ntchito yoikapo kapu.

Kunja, kuseri kwa khola,
ankhandwe ayamba kuitanizana maina.
Galu wayankha kamodzi, mwaulesi.

Ndalemba cheke, manambala opendamira kumbuyo
monga amalembera amanzere onse,
inki n'kupakika kumbali kwa dzanja.
Kachubu kakale sinditaya.
Ndakakulunga m'nsanza yamafuta,
ndakaika m'dilowa yachiwiri, pamodzi ndi timapini take,
chifukwa Orval, ngakhale pakamwa pake polasa,
analondolapo kawiri pa moyo wake.

Signe wanyamula mfuti yosamalizayo, sipanala ikadali lende,
waika tsaya pomwe ndimaika langa,
waloza msomali.
Ndawerenga chamumtima.
Pa makumi asanu ndi awiri ndasiya,
khofi akuzizira.